Ng'ala ya M'diso Langa la Kumanzere

Dokotala atandiunika anati ng'ala yamera kumbuyo kwa kagalasi ka m'diso la kumanzere. Kenako anafunsa: "Bambo, munkagwira ntchito yanji?" Ndinati ndinajambula odwala pa X-ray zaka 27 pachipatala china, ndipo kawirikawiri ndinkaima pambali pa makina ku fiyeta madokotala akulumikiza mafupa. Anangogwedeza mutu n'kulemba.

Kunyumba ndinapeza mayankho atapsa kale. Alongo anga anati wina wandiponyera, ndipo dzina lake anali nalo. Mkulu wa mpingo mnzanga anandigwira paphewa: "Ndi chifuniro cha Mulungu, akulu." Mwana wanga, mphunzitsi wa masamu ku sekondale, anabwera ndi mapepala. Mapepalawo ndi amene andisowetsa tulo.

Ankafotokoza kuti kagalasi ka m'diso n'kosunga zinthu. Khungu limafundula, magazi amasinthika, koma iko sikataya kanthu. Maselo atsopano amabadwira m'mbali n'kumakuta akale ngati makoko a anyezi, moti a pakatikati ndi omwe ndinali nawo ndili m'mimba mwa amayi. Cheza cha X-ray chikavulaza maselo a m'mbaliwo, ana awo amakula opunduka, n'kumatsetserekera kumbuyo komwe amaunjikana ngati nkhungu. Zimatenga zaka. Akatswiri amaika ulendo wonsewu m'masamu: mlingo wakuti wa cheza uvulaza maselo angati, angati adzikonza okha, angati ayenera kuunjikana kuti munthu ayambe kuona mwachimbuuzi, ndipo papita zaka zingati. Zotsatira zake amazifananiza ndi maso a anthu enieni, opulumuka mabomba a ku Hiroshima ndi Nagasaki mu 1945, komanso anthu oposa 8,000 amene anaunikidwa mwa omwe anakakonza malo a ngozi ya ku Chernobyl ya mu 1986.

Ife tinaphunzitsidwa kuti pali malire. Kafukufuku wa Merriam ndi Focht wa mu 1957 anasonyeza kuti ng'ala imayambira pa mlingo wa 2 Gy wolandiridwa kamodzi, ndipo wantchito ankaloledwa 150 mSv pachaka m'diso (Gy ndi mSv ndi miyeso ya cheza). Tinkavala epuloni ya mtovu, kabaji koyezera cheza kali pachifuwa, maso ali pamtunda. Mu 2011 bungwe la ICRP, loona za kuteteza anthu ku cheza, linatsitsa malirewo kufika pa 0.5 Gy, ndipo mlingo wa wantchito unagwa kufika pa 20 mSv pachaka. Nthawiyo n'kuti ine nditatsala pang'ono kupuma pantchito.

Chomwe chinandigwira mtima ndi tanthauzo la malirewo. Mwana wanga anandionetsa kuti ndi mlingo umene munthu mmodzi pa anthu 100 aliwonse amavulala nawo. Ndinamufunsa kuti mmodziyo ndi uti. Anaseka, kenako analeka kuseka. Masamu amawadziwa bwino anthu 100 aja ali pamodzi, koma sangaloze chala pa wina. Ukalamba umabweretsa ng'ala. Shuga, fodya ndi dzuwa nazonso. Agogo anga anafa ndi ng'ala m'maso onse asanaonepo makina a X-ray. Yanga ili pamalo pomwe cheza chimakonda, koma shuga nayenso amakonda pomwepo, ndipo palibe dokotala angaichotse n'kuwerengapo dzina la mwini wake.

Poyamba zinandinyansa. Nanenso, ngati alongo anga, ndinkafuna wina woti ndimukwiyire. Funso lakuti "bwanji ine?" silikhutira ndi peresenti.

Ndinakumbuka nkhani ya pa Yohane 9, ya munthu wobadwa wosaona. Ophunzira ankafuna kudziwa wolakwa pakati pa iye ndi makolo ake. Yesu anakana mayina onse awiri, n'kuwerama kukanda thope. Ndalalikirapo ndimeyi kangapo osazindikira kuti sanawapatse chomwe ankafuna. Ndikuona kuti masamu a mwana wanga ali pafupi ndi yankho limeneli kuposa alongo anga, ndiponso, andikhululukire, kuposa mkulu mnzanga uja. Masamu amavomera pomwe nzeru zawo zathera. Atapeza kuti analakwitsa kwa zaka zoposa 50, eni ake anasintha nambala poyera. Ndi angati mwa ife a m'tchalitchi tinabwezapo mawu chotero?

Sindikunena kuti Mulungu alibe gawo m'diso langa. Amene amawerenga tsitsi la m'mutu sangalephere kuwerenga maselo. Koma mawu akuti "chifuniro cha Mulungu" ali ndi nthawi yake. Ukawanena kwa wodwala ndi chitonthozo. Ukawanena pamsonkhano wa bajeti, pamene funso ndi logula magalasi a mtovu a anyamata a ku fiyeta, ndi ulesi wovala jekete la Lamulungu. Mmodzi pa 100 uja sitimudziwa, komabe tikachepetsa cheza, pa anthu ambirimbiri pamakhala wina amene adzakalamba akuwerenga yekha Baibulo lake, osadziwa n'komwe kuti anapulumuka.

Opaleshoni yanga ili mwezi wamawa, ndipo alongo anga adzandiperekeza, dzina lija akadali nalo. Inu ana anga amene mukuima pambali pa makina lero, funsani magalasiwo, ndipo akabwera muzivala ngakhale amalemera pamphuno.