Kuwira Sikupsa

Amuna onyamula katundu wa alendo pa Phiri la Mulanje adziwa chinthu ichi bwino lomwe: nyemba zophikidwa pamwamba pa phiri zichedwa kupsa, ngakhale mphika ubwadamuke msanga. Pa gombe la nyanja yamchere madzi awira pa madigiri 100, koma pa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, awira pa madigiri 90 okha kapena pafupi pamenepo. Chifukwa chake nchakuti mpweya uli ndi kulemera, ndipo upanikiza madzi mumphika. Madzi awira pamene nthunzi yake yapeza mphamvu yolingana ndi mpweya woupanikizawo. Pamwamba pa phiri mpweya ngwopepuka, tsono nthunzi ithawa madzi asanatenthe kokwanira.

Zamadzimadzi zina zisiyananso mwa chibadwa. Mzimu wa mowa uwira pa madigiri 78, pakuti tizigawo take sitigwirana kolimba ngati ta madzi. Nchifukwa chake wotcheza kachasu aulekanitsa ndi madzi pa moto. Mafuta okazingira mandasi afika madigiri 180 ali phee, osabwadamuka, komabe awotcha koposa madzi owira. Motero phokoso la mphika silinena kutentha kwake.

Funso lobuka apa ndi ili: kodi udindo ndi malamulo zimchepetsa munthu, kapena zimkhwimitsa? Alipo anyamata ndi atsikana amene ayesa kuti ufulu ndiko kuchotsa cholemera chilichonse, monga mawu a makolo, lumbiro la ukwati ndi malamulo a Mulungu. Munthu wotere afanana ndi madzi a pa Sapitwa. Sachedwa kukonda, sachedwa kulonjeza, sachedwanso kupsa mtima. Koma ntchito yofuna zaka, monga kulera ana kapena kusunga banja m'chaka cha njala, imkanika, popeza mphamvu yake yonse yathera m'nthunzi. Akulu adanena kale kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Komabe wina angatsutse, ndipo asanyozedwe. Angati kupanikiza kwapha mitima yambiri. Izi nzoona. Mu 1679 Denis Papin, Mfalansa, adapanga mphika wotsekeka ndithu, momwe nthunzi yotsekeredwa ikweza kutentha kufikira mafupa omwe afewa. Koma podziwa kuti mphika wotere ungaphulike, adauikira kabowo kotsekedwa ndi cholemera, kotseguka kokha nthunzi ikachuluka. Bambo wolamula mwana osamlola kuyankha, kapena kapitawo wa m'munda wa tiyi wosamva dandaulo la wothyola masamba, aphika mumphika wopanda kabowo, ndipo tsiku lophulika mlandu udzakhala wake.

Yankho tsono lili pawiri. Wamng'ono asathawe cholemera chimene chimpatsa kuya, ndipo wamkulu asaike cholemera chopanda potulukira. Ambuye Yesu sadalonjeze ophunzira awo moyo wopanda goli. Adalonjeza goli lofewa. Amene avala chivundikiro achite motero mopirira, ndipo amene avundikira mnzake akumbukire kuti adzafunsidwa za chimene chili mumphikamo.