Milungu Itatu Pakati pa Osoŵa—Kodi Ndani Amapindula?

M'JANUARY, pamene chipale chofeŵa chakuta misewu ya kumpoto kwa United States, ophunzira a m'makoleji ambiri amakhala patchuthi. Ena amapita kwawo kukapuma. Koma ena amathera milungu iŵiri, itatu, kapena inayi akumagwira ntchito m'nyumba zogonamo anthu osoŵa pokhala, m'malo ogaŵirako chakudya, m'zipatala zazing'ono, kapena m'maofesi othandiza osauka pamilandu ya lendi. Kaŵirikaŵiri samalipidwa. Pobwerera kukoleji, ambiri amanena kuti aphunzira zochuluka. Komabe, pamabuka funso lofuna yankho loona mtima: Kodi nkoyenera kuti munthu apindule ndi mavuto a ena, ndiyeno nkuchoka asanawathandize kwenikweni?

Chizoloŵezi Chokhala ndi Mbiri

Kutumiza ophunzira kunja kwa kalasi m'nyengo yachisanu sikwachilendo. Bennington College, ya ku Vermont, imene inatsegulidwa mu 1932, inapatula mbali ya nyengo yachisanu kuti ophunzira ake azikagwira ntchito kutali ndi sukulu. Chakumapeto kwa ma 1960, Oberlin College, ya ku Ohio, inapatula mwezi wa January kuti wophunzira aliyense azichita ntchito imodzi yodzisankhira, ndipo ena amasankha kutumikira m'chitaganya.

Maziko a makonzedwe otereŵa ndiwo lingaliro lakuti zinthu zina sizingaphunziridwe m'buku. Wafilosofi wachigiriki Aristotle anaphunzitsa kuti munthu amakhala wolungama mwa kuchita zolungama mobwerezabwereza, monga momwe mmisiri amadziŵira kumanga mwa kumanga. Ngati zimenezo nzoona, chifundo nachonso chimafuna kuyeseza. Koma kodi milungu itatu ingakwane?

Zimene Wophunzira Amapeza

Talingalirani za wophunzira zachuma amene wapatsidwa ntchito pamalo ogaŵira chakudya. M'kalasi anaŵerenga za umphaŵi monga ziŵerengero. Tsopano akunyamula makatoni, akulemba maina, ndi kuyang'ana anthu amene aima pamzere m'chisanu. Akuona kuti ena a iwo ali pantchito, koma malipiro awo amatha mwezi usanathe. Akuona mayi wina akubweza thumba la nyemba zouma chifukwa chakuti kumene akugona kulibe pophikira. Palibe buku limene linamuuza kuti chakudya chingakhale chopanda ntchito kwa munthu wanjala.

Pamenepa pali phindu loyamba: wophunzirayo amazindikira ukulu wa zimene sadziŵa. Phindu lachiŵiri ndilo kuona mmene ntchito yothandiza anthu imayendera tsiku ndi tsiku. Yambiri njotopetsa, yonga kuyankha telefoni, kudzaza mafomu, ndi kukolopa pansi. Amene anali kulota za kusintha dziko amapeza kuti dziko limachirikizidwa ndi anthu amene amafika panthaŵi yake mmaŵa uliwonse. Lachitatu, wachichepere angadziŵe msanga ngati ntchito imene akuikonzekera ikumuyenerera. Kuzindikira zimenezo m'milungu itatu kuli bwino koposa kukuzindikira pambuyo pa zaka zinayi ndi ngongole yaikulu ya sukulu.

Jane Addams, amene pamodzi ndi Ellen Gates Starr anatsegula Hull House pakati pa osamukira ku Chicago mu 1889, sanabise kuti othandizawo amapindula. M'nkhani imene anakamba mu 1892, iye anafotokoza kuti achichepere ophunzira amavutika mumtima pamene alibe kogwiritsira ntchito zimene aphunzira, ndi kuti iwo amafunikira anansi awo osaukawo monga momwe anansiwo amafunikira thandizo.

Mtengo Umene Ena Amalipira

Komabe, phindu limeneli lili ndi mtengo wake, ndipo kaŵirikaŵiri wolipira sali wophunzirayo. Wantchito wa pamalopo, amene ali kale ndi zochita zambiri, amathera masiku akumaphunzitsa mlendo amene adzachoka atangoyamba kuzoloŵera. Mwana amene wayamba kukonda womthandiza kuŵerenga amapeza mpando uli wopanda munthu m'February. Ndipo munthu wosoŵa pokhala angadzimve monga chinthu choonetsedwa, pamene tsoka lake lisanduka nkhani ya m'lipoti kapena mzera wokometsera kalata yofunsira ntchito. Pali kusalingana kwinanso: wophunzira wa m'banja losauka angafunikire kuthera tchuthicho pantchito yolipidwa, chotero mwaŵi wa kutumikira kwaulere umapita kwa amene ali nazo kale.

Mu 1968, Ivan Illich analankhula mosabisa mawu kwa achichepere a ku North America amene anali kukonzekera kukagwira ntchito yodzifunira m'midzi ya ku Mexico. Anawauza kuti zolinga zabwino sizokwanira, ndi kuti munthu wosamva bwino chinenero kapena moyo wa anthu angawononge zambiri pamene akuganiza kuti akuthandiza. Anawalimbikitsa kubwera kudzaona ndi kudzaphunzira, osati kudzathandiza. Ngakhale kuti iye anali kunena za kupita kudziko lina, chenjezolo limagwiranso ntchito kwa wophunzira amene wangodutsa misewu ingapo kuchokera pachipata cha koleji yake.

Kodi Nchiyani Chimapangitsa Phindulo Kukhala Loyenera?

John Dewey, m'buku lake la mu 1938 lakuti Experience and Education, anasonyeza kuti si chokumana nacho chilichonse chimene chimaphunzitsa, china chimasokeretsa. Wophunzira amene abwerera akudziona kukhala ngwazi, kapena akuganiza kuti tsopano akudziŵa zonse za osauka, waphunzira chinthu chonama. Kukanakhala bwino akanapuma kwawo.

Chotero yankho limadalira pa mkhalidwe wamaganizo umene iye amapita nawo. Mwambi umati mlendo ndi mame. Wophunzira wanzeru amakumbukira kuti sadzakhalitsa, ndipo samalonjeza zimene sangachite. Amalandira ntchito imene eni malowo akufuna kuti ichitidwe, ngakhale ikhale yonyozeka. Amafunsa asanalangize. Samajambula zithunzi kapena kusimba zinsinsi za anthu popanda chilolezo chawo. Koleji nayonso ili ndi thayo: kubwerera kumalo amodzimodziwo chaka ndi chaka, kufunsa eni malowo ngati ophunzira akuwapeputsira ntchito kapena akuwalemetsa, ndi kuthandiza ndi ndalama awo amene sangakhoze kugwira ntchito popanda malipiro.

Koposa zonse, wophunzirayo ayenera kuvomereza kuti walandira zochuluka kuposa zimene wapereka. Kuvomereza kumeneko sikochititsa manyazi, pakuti wophunzira aliyense amakhala ndi mangaŵa kwa aphunzitsi ake. Cholakwa ndicho kutcha mangaŵawo mphatso. Milungu itatu singathetse njala m'mzinda, koma ingasinthe mmene dokotala wamtsogolo adzalankhulira ndi wodwala wosauka, kapena mmene loya adzamvetserera munthu wochotsedwa m'nyumba. Ngati zimenezo zichitika, mangaŵawo adzabwezedwa pang'onopang'ono, mwinamwake kwa anthu ena ndi m'mizinda ina. Ngati sizichitika, anthu amene anaima pamzere m'chisanu aja adzakhala ataphunzitsa pachabe.