Kodi Pali Obadwa Opanda Mutu wa Masamu?

Pa Nyimba, m'mbali mwa mseu waukuru wa ku Lusaka, mtsikana wogulitsa nthoci awerengera ndalama za apaulendo m'mutu, basi isananyamuke, osalakwa konse. Koma mphunzitsi akalemba masamu pabolodi, mtsikana yemweyo mtima umgunda, nati, "Ine ndiribe mutu wa masamu." Kodi mutuwo anausiya pamsika?

Nzeru ali nazo. Comlowa ndico mantha. Munthu sakhoza kusunga zambiri m'maganizo nthawi imodzi, ndipo nkhawa ikakhalamo, manambala asowa malo. Akalephera ayesa kuti anabadwa wotero, naleka kuyesanso.

Pa mayeso a PISA a 2017, mwa ophunzira a zaka 15 a m'Zambia, ngati 2 okha pa 100 anafika pa muyeso woyamba wofunika m'masamu. Njala ndi kusowa mabuku ziri ndi mlandu, komanso mau a akuru. Kholo la ku Petauke silinena kwa mwana wophunzira kulima nshawa kuti alibe mutu wa khasu. Limgwira dzanja, nilimuonetsanso. Pa masamu pokha ndipo akuru afulumira kuweruza, ndipo mwanayo alibe mphamvu yakutsutsa atate wace.