Thumba la chimanga lija ndi mphatso kapena ngongole?



Tsiku limene azakhali anga a ku Mtakataka ankalandira thumba la chimanga, ine ndinalipo. Madzi ochokera kumapiri a Dedza anali atakwirira mpunga wawo ndi mchenga, mbuzi ziwiri zitapita. Anagwada, nawomba m'manja, wina n'kuwajambula. Mtima wanga sunakhazikike. Munthu amene sanalakwe kanthu, agwadirenji?

Mnzanga wina anandiyankha kuti, "Aise, ndi Qadar imeneyo." Sindikana. Koma munthu akatentha tchire moto n'kulowa m'munda wa mnzake, mfumu simathetsa mlandu ponena kuti ndi Qadar. Wotentha amalipira. Utsi umene ukusokoneza mvula wachuluka kuchokera kumafakitale ndi magalimoto a mayiko olemera, pomwe azakhali alibe ngakhale njinga yamoto. Mu 2023 Freddy anapha anthu mazanamazana kummwera. Mu 2024 chilala chinachititsa boma kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28. N'chifukwa chake mu 2022 ku Sharm el-Sheikh mayiko anagwirizana zokhazikitsa thumba la ndalama zothandizira pa zotayika ndi zowonongeka ngati zimenezi.

Ku madrassa tinaphunzira kuti zakaat ndi haki ya wosauka. Ukaisunga, wasunga chinthu cha mwini. Ndimaona kuti thandizo la pa ngozi za nyengo n'chimodzimodzi. Wolandira mphatso amangothokoza, koma mwini ngongole amafunsa: ibwera liti, ndi zingati, bwanji dzina langa mulibe? Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006, imafikira mabanja osaukitsitsa opanda munthu wogwira ntchito. Nanga mayi wamphamvu zake amene madzi amusaukitsa usiku umodzi, akalembetse kuti?

Komatu tisangoloza chala kunja. Makala amene timagula pamsewu ku Golomoti ndi mitengo imene inkagwira dothi kumtunda kwa Mua. Mitengo ikatha, madzi amatsika ndi ukali wonse. Ineyo ndimaphikira makala omwewo kusukulu. Ndiye kuti pa ngongole ija, dzina langa liliponso.

Tikadzapita kukagawa ufa ndi zovala, In shaa Allah, tidzasiye mafoni m'thumba. Mayi akafuna kugwada, tiwadzutse n'kuwauza kuti, "Ayi mayi, ndi zanu izi, tangochedwa nazo."