Kodi Asankhe Ndani, Akulu Kapena Anthu Onse?

Dziko la America lili ndi zigawo 50, ndipo anthu ake amasankha Pulezidenti kamodzi pa zaka 4 zilizonse, m'mwezi wa Novembala. Pa tsikulo mayina amphamvu amakhala awiri okha, lina la chipani cha Democratic, lina la chipani cha Republican. Kwa zaka zoposa 150 palibe munthu wa chipani china amene anakhalapo pa mpandowo. Chifukwa chake munthu woganiza bwino ayenera kufunsa kuti, nanga mayina awiriwo anawaika pamenepo ndani? Pakuti iye amene aika ndiwo ziwiri pa mphasa ali ndi mphamvu koposa mlendo amene auzidwa kuti asankhepo imodzi.

Masiku ano mayinawo amapezeka motere. Chaka cha chisankho chikangoyamba, chipani chilichonse chimachititsa zisankho zachipulula, chigawo ndi chigawo, kufikira mwezi wa Juni. Anthu a chipani chimodzi amapikisana okhaokha. Wopambana m'chigawo amapatsidwa nthumwi, ndiwo anthu amene adzam'votere pa msonkhano waukulu wa chipani m'mwezi wa Julayi kapena Ogasiti. Amene wasonkhanitsa nthumwi zoposa theka ndiye amaimira chipani. Malamulo aakulu a dzikolo, amene analembedwa m'chaka cha 1787, sanena kanthu za zipani kapena za zisankho zachipulula. Mwambo umenewu unakula pang'onopang'ono, ndipo unakula ndi mikangano, pakuti pansi pake pagona funso lakale. Kodi mtsogoleri asankhidwe ndi akulu ochepa amene am'dziwa bwino, kapena ndi khamu la anthu amene iye adzawalamulira?

Kale osankha anali akulu a chipani. Nthumwi zinkatumidwa ndi akulu a m'chigawo, ndipo zikafika ku msonkhano akuluwo ankapangana okha za munthu woyenera. Njira imeneyi si yopusa monga ena aganizira. Kumudzi mfumu ikamwalira, sayitana aliyense wodutsa pa njira kuti adzaloze wolowa ufumu. Amakhala pansi ndi eni mbumba, amene anaona mwana aliyense akukula, nadziwa amene ali waukali, amene ali womana, ndi amene mowa umam'gonjetsa. Akulu a chipani nawonso ali ndi chidziwitso chotere. Iwo anagwira ntchito ndi munthuyo zaka zambiri. Anamuona atakwiya, anamuona atatopa, ndipo adziwa ngati amasunga lonjezo. Koma khamu limangomuona ali pa nsanja, atavala bwino, akunena mawu amene anawakonza dzulo.

Njira ya akulu inabala chipatso chokoma m'chaka cha 1860. Chipani cha Republican chinasonkhana mumzinda wa Chicago, ndipo ambiri anayembekeza kuti chidzasankha William Seward, munthu wotchuka wa ku New York. Pa kuvota koyamba iye ndiye anatsogola. Koma nthumwi zina zinaopa kuti Seward sadzapambana m'zigawo zina zofunika, ndipo pa kuvota kwachitatu zinasankha Abraham Lincoln, loya wa ku Illinois, amene anakhalapo m'nyumba ya malamulo ya dzikolo zaka 2 zokha. Lincoln ndiye anatsogolera dziko pa nkhondo yapachiweniweni, ndipo ntchito yake inathetsa ukapolo m'dzikolo. Zikadakhala kuti anthu onse anavota monga achitira lero, mwina kutchuka kwa Seward kukadam'kwirira.

Koma mtengo womwewo unabalanso chipatso chowawa. M'chaka cha 1920 chipani chomwecho chinasonkhananso ku Chicago, ndipo amuna awiri otsogola analepherana. Usiku akulu ena anakumana m'chipinda cha hotela ya Blackstone, akusuta fodya, nakambirana za munthu amene onse angam'lole. M'mawa mwake mavoti anayamba kupendekera kwa Warren Harding wa ku Ohio, ndipo pa kuvota kwa nambala 10 iye anapambana. Harding anali munthu wansangala, wosakangana ndi anzake, ndipo ndicho chimene anam'kondera. Atalowa m'boma anapatsa maudindo anzake ena osakhulupirika, kotero kuti nduna yake ina, Albert Fall, inalowa m'ndende chifukwa cha chiphuphu pa nkhani ya minda ya mafuta ya boma. Kufikira lero anthu a ku America akamanena za chipinda chodzala utsi wa fodya, amatanthauza malo amene anthu ochepa apanganamo mobisa za dziko lonse. Akulu amam'dziwadi munthu, inde, komatu nthawi zina chimene afuna mwa iye ndi kufatsa kwakuti asadzawavutitse iwo eni.

Palinso cholakwa china choposa ichi, ndicho cha anthu otsalira kunja kwa chipindacho. Kwa zaka zambiri m'zigawo za kumwera kwa America chipani cha Democratic chokha ndicho chinkapambana, kotero kuti chisankho chenicheni chinali chachipulula. Tsono eni chipani anati chipani ndi bungwe lawo, ndipo ali ndi ufulu wokana amene sam'funa. Motero anthu akuda analetsedwa kuvota pa zisankho zachipulula. Khoti lalikulu la dzikolo linathetsa mwambo umenewu m'chaka cha 1944, pa mlandu wochokera ku Texas, koma njira zina zotsekereza anthu akuda zinapitirira. M'chaka cha 1964 mayi wina wa ku Mississippi, Fannie Lou Hamer, amene anakulira m'minda ya thonje, anapita ndi anzake ku msonkhano waukulu wa chipanicho ku Atlantic City. Iye anafotokoza pamaso pa dziko lonse mmene anam'chotsera pa munda, ndi mmene anam'menyera m'ndende, chifukwa cha kufuna kuvota. Anapempha kuti gulu lake likhale pa mipando ya nthumwi za Mississippi, pakuti nthumwi zimene zinatumidwa zinali za azungu okhaokha. Akulu a chipani anati adzawapatsa mipando iwiri yokha, ndipo iwo anaikana. Akuluwo ankam'dziwa bwino wopikisana aliyense, koma ululu wa mayi uyu sanaudziwe, pakuti m'chipinda chawo munalibe wina wonga iye. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Chitsekocho chinathyoka m'chaka cha 1968. Nthawi imeneyo America inali pa nkhondo ku Vietnam, ndipo anyamata ambiri ankafera kumeneko. Zigawo zina zinali kale ndi zisankho zachipulula, koma nthumwi zambiri zinali zikadali m'manja mwa akulu. Eugene McCarthy, wotsutsa nkhondoyo, anapikisana ndi Pulezidenti Lyndon Johnson ku New Hampshire, napeza mavoti 42 pa 100 alionse. Pa 31 Malichi Johnson analengeza kuti sadzaimanso. Robert Kennedy, nayenso wotsutsa nkhondo, anapambana ku California m'mwezi wa Juni, koma usiku womwewo anaomberedwa ndi mfuti ku Los Angeles, namwalira. Pamene chipani chinasonkhana ku Chicago m'mwezi wa Ogasiti, nthumwi zinasankha Hubert Humphrey, wachiwiri kwa Johnson, amene sanapikisane pa chisankho chachipulula ngakhale chimodzi. Kunja, m'misewu, apolisi ankamenya ndi zibonga achinyamata odandaula. Humphrey sanali munthu woipa ayi, ndipo anamenyera ufulu wa anthu akuda kwa zaka zambiri. Koma anthu anaona kuti anafunsidwa maganizo awo, nayankha, ndipo yankho lawo linatayidwa. Mu Novembala Richard Nixon wa chipani cha Republican anapambana.

Pambuyo pake chipani cha Democratic chinaika bungwe lokonza malamulo atsopano, ndipo wapampando wake woyamba anali George McGovern. Malamulowo anati nthumwi zisankhidwe poyera, ndipo membala aliyense akhale ndi mwayi wotengako mbali. Zigawo zambiri zinaona kuti njira yapafupi ndiyo kuchititsa zisankho zachipulula, ndipo chipani cha Republican chinatsata njira yomweyo.

Wowerenga angayembekeze kuti tsopano zonse zinakoma. Sizinatero. M'chaka cha 1972 anthu a chipanicho anasankha McGovern yemweyo, ndipo mu Novembala iye anagonja kwa Nixon m'zigawo 49 mwa zigawo 50. Kunaoneka poyera kuti amene amabwera ku chisankho chachipulula si anthu onse ayi. Amabwera makamaka iwo amene mitima yawo yatentha pa nkhani za ndale, ndipo ambiri amakhala kunyumba. Wopikisana amaphunzira msanga kukondweretsa otentha mtimawo, pakuti mawu aukali amakopa koposa mawu odekha. Ndiponso mpikisano wa miyezi yambiri m'dziko lalikulu chotero umadya ndalama zochuluka, kotero kuti wopikisana amagogoda pa makomo a anthu olemera, ndipo wolandira mphatso sachedwa kukhala wangongole. Komabe ndalama sizigula zonse. M'chaka cha 2020 Michael Bloomberg anamwaza ndalama zake pafupifupi madola 1 biliyoni, koma sanapambane m'chigawo chilichonse mwa zigawo 50 zija, kupatula pa zilumba zazing'ono za American Samoa.

Tsono ngati akulu amalakwa, ndipo khamu limalakwanso, kodi pali kusiyana? Kulipo. Ufulu wa anthu wosankha sutsamira pa kunena kuti iwo ndi anzeru koposa akulu, pakuti nthawi zina sali otero. Utsamira pa ichi, kuti katundu wa ulamuliro adzasenza ndi iwo. Ana opita ku nkhondo ndi awo, msonkho ndi wawo, ndipo mitengo ya zinthu ikakwera njala imalowa m'nyumba zawo. Munthu akadzisankhira njira nasochera, amabwerera, nadziwa kuti ulendo wina ayenera kupenyetsetsa. Koma akam'sankhira wina mobisa, ndipo njirayo nkukhala yaminga, iye saphunzirapo kanthu koma mkwiyo, ndipo amaleka kukhulupirira ngakhale zabwino zimene akuluwo adzanena mawa. Cholakwa cha khamu chimachitika masana, ndipo aliyense amaona pamene chinayambira. Cha m'chipinda sichidziwika mwini wake.

Izi sizitanthauza kuti akulu akhale chete. Chidziwitso chawo chikadali chofunika monga kale, pakuti khamu silingadziwe lokha zimene zichitika kuseri. Chimene chinasintha ndi malo onenera. Mkulu wodziwa kuti wopikisana wina ndi wabodza, kapena wosatha ntchito, ayenera kunena poyera, nthawi ikadalipo, dzina lake likudziwika, ndipo alole kuti anthu amumvere kapena am'kane. Ntchito imeneyi ndi yovuta koposa kunong'ona m'chipinda, chifukwa wonena poyera angathe kudedwa, ndipo angathe kutaya mpando wake. M'chaka cha 2016 akulu ambiri a chipani cha Republican sanam'fune Donald Trump, amene anali asanakhalepo pa udindo uliwonse wa boma. Ena ananena poyera, ena anadikira kuti agwe yekha pakati pa opikisana 17. Anthu a chipanicho anam'sankha, ndipo akuluwo analibe mphamvu yosintha chimene anthu anachita. Amene analankhula anagonja, koma anachita mbali yawo.

Zimene zinachitika m'chaka cha 2024 zionetsa mtengo wa kukhala chete. Pulezidenti Joe Biden, wa chipani cha Democratic, anali ndi zaka 81, ndipo anafuna kuimanso. Anthu ambiri, pofunsidwa maganizo awo, ankanena kuti wakalamba. Koma mwa atsogoleri otchuka a chipanicho panalibe amene anadzuka kuti apikisane naye, pakuti kutsutsa Pulezidenti wa chipani chako kumaoneka ngati kupanda ulemu. Zisankho zachipulula zinachitika ndithu, ndipo Biden anapambana mosavuta ndi mavoti oposa 14 miliyoni. Anthu anafunsidwa, koma pa mphasa panali ndiwo imodzi. Pa 27 Juni iye anakumana ndi Trump pa mtsutso wa pa wailesi yakanema, ndipo dziko lonse linamuona akuvutika kumaliza mawu ake. Pamenepo ndi pamene akulu ambiri anatsekula pakamwa, nam'pempha kuti atule pansi. Pa 21 Julayi iye anavomera.

Nthawi yofunsanso anthu inali itatha, pakuti zisankho zachipulula zinali zitachitika kale. Motero ntchito inabwerera m'manja mwa nthumwi ndi akulu, monga m'masiku a Humphrey, ndipo iwo anagwirizana msanga pa Kamala Harris, wachiwiri kwa Biden. Iye sanaba mpandowo, pakuti malamulo a chipani analola zimenezo, ndipo panalibe wina amene anapikisana naye. Koma sanadutse m'moto wa zisankho zachipulula za chaka chimenecho, mmene wopikisana amayesedwa chigawo ndi chigawo, naphunzira kuyankha mafunso ovuta, ndipo anthu nawonso amazolowera mawu ake. Akuluwo akadalankhula chaka chimodzi m'mbuyo, anthu a chipanicho akadakhala ndi miyezi yambiri yoyesa amuna ndi akazi angapo, ndipo mwina akadasankha Harris yemweyo, mwina wina. Mmene zinakhalira, iye anali ndi masiku 107 okha kuti adzionetse kwa anthu oposa 330 miliyoni, ndipo pa 5 Novembala anagonja kwa Trump.