Kodi Nkulakwa Kuthawa Wodwala Cifukwa ca Fungo?

Abale akatekumeni, pali nthenda ina imene madokotala amati khansa ya m'matumbo akulu. Imayamba mwakacetecete: munthu aona magazi popita kuthengo, m'mimba mutseguka lero, mawa mumanga, ndipo thupi liwonda. Si nthenda yopatsirana, ndiponso si ya ufiti. Ikadziwika msanga, madokotala angathe kudula mbali yoonongekayo, munthu nkucira. Koma a kumudzi ambiri afika ku cipatala cacikulu, monga ca ku Tete kapena ca ku Beira, nthenda itakula kale. Ena abwerera kwao ali ndi kabowo pamimba, pamene zonyansa za m'thupi zitulukira m'kathumba komata pakhungu.

Apa ndipo payambira nthenda yaciwiri, ndiyo kusungulumwa. Wodwala aopa kuti kathumba kangadonthe pakati pa anthu, motero aleka kupita ku mapemphero, ku maliro ndi ku msika. Abale ampatulira mbale yakeyake, alendo alonjera ali cilili pakhomo. Nthenda yoyamba idabwera yokha. Yaciwiriyi tiibweretsa ndife.

Tsono tifunse: kodi kunyansidwa ndi tchimo? Mphuno ikamva fungo loipa, mtima ubwerera m'mbuyo wokha, ife tisanaganize. Apo tchimo palibe, pakuti tchimo lifuna kudziwa ndi kuvomera. Koma tikalola kunyansidwako kutilamulira, mpaka kusiya mbale wathu yekha masiku ambiri, pamenepo tacimwira cikondi. Ulemu wa munthu sucokera ku ukhondo wa thupi lake, koma kwa Mulungu amene adamlenga m'cifaniziro cake. Mthenga Wabwino wa Marko, mutu woyamba, utiuza kuti Ambuye Yezu adamkhudza wakhate ndi dzanja lao, ngakhale akadatha kumciza ndi mau okha. Munthuyo ankasowa zonse ziwiri, kucira ndi kulandiridwa.

Anamwino abwino atisonyeza njira. Iwo aphunzitsa wodwala kutsuka khungu lozungulira kabowo ndi madzi oyera, kusintha kathumba, ndi kusamala zakudya zobweretsa mpweya m'mimba, monga nyemba. Aphunzitsanso mkazi kapena mwamuna wake, kuti mantha acoke m'nyumba. Koposa zonse akhala pansi namvetsera. Nkhoswe yao ndi Kamilo de Lellis Woyera, amene adamwalira mu 1614. Iye mwini anali ndi cilonda cosapola pamwendo, komabe adatumikira odwala a ku Roma ngati akutumikira Kristu.

Koma namwino ali ndi odwala ambiri, ndipo sangatsate aliyense kumudzi. Pamene manja ake alekezera, payenera kuyambira athu. Makolo adati: kali kokha nkanyama, tili awiri ntianthu. Akristu a pamudzi agawane masiku: wina atunge madzi, wina atole nkhuni, wina apereke sopo. Lowani m'nyumba, khalani pamphasa, idyani naye nsima mbale imodzi. Zimene mwaona pathupi pake musakazilankhule kucitsime. Muitanireni wansembe kuti alandire Ukaristia ndi sakramenti la Kudzoza Odwala, ndipo akapeza mphamvu mumperekeze ku mapemphero.

Inu amene mukonzekera Ubatizo, dziwani kuti mulowa m'Thupi limodzi la Kristu. M'thupi limeneli ciwalo covulala sicitayidwa kuthengo, koma cimangidwa ndi kusamalidwa ndi ziwalo zinzake.