Cibaba ca Fodya m'Masabata Oyamba

Abale anga okondedwa, inu amene mulikukonzekera Ubatizo,

Caka ndi caka, Kwaresima ikayandikira, pamakhala wina mwa inu amene amatsalira phunziro litatha, nadikira kuti anzake ayambe apita, ndipo amanena capansipansi kuti: "Aphunzitsi, ndifuna kuleka fodya." Ine ndimakondwera naye. Koma pakapita masiku anai kapena asanu, munthu yemweyo amabwera nkhope ili yakugwa. "Ndalephera," amatero. "Usiku tulo sitibwera, mutu uwawa, ana ndawakalipira popanda cifukwa. Kapena Mulungu safuna kundithandiza." Phunziro lino ndalembera munthu ameneyo. Ndalemberanso mkazi wake, ana ake ndi anzake a pamphakati, cifukwa nkhondo imeneyi imakhudza nyumba yonse.

1. Eklezia anena ciani za fodya?

Poyamba mitima yanu ikhale pansi. Palibe amene adzakumanani Ubatizo cifukwa ca ndudu, ndiponso sindilikudzudzula inu amene mumalima fodya ku Angónia, ku Tsangano kapena ku Macanga kuti ana apeze zobvala ndi makope a kusukulu. Koma Katekisimu wa Eklezia Katolika, amene adatuluka m'caka ca 1992, pa nambala 2290, pofotokoza lamulo lacisanu la Mulungu, atiphunzitsa kuti khalidwe la kudziletsa limatiletsa kupyola muyeso pa cakudya, pa mowa, pa fodya ndi pa mankhwala. Moyo ndi mphatso imene tidaikizidwa, ndipo tidzayankhapo. Papa Fransisko adaletsa kugulitsa ndudu m'dziko la Vatikano kuyambira caka ca 2018, cifukwa sadafune kuti Eklezia apindule ndi cinthu coononga moyo wa anthu. A Bungwe la Zaumoyo pa dziko lonse, limene pa Cipwitikizi timaliti OMS, amanena kuti fodya amapha anthu opitirira 7 miliyoni caka ciliconse, ndipo ena mwa iwo sadasutepo, adangopuma utsi wa anzao. Tsono amene afuna kuleka wafuna cinthu cabwino.

2. Cibaba n'ciani?

M'tsamba la fodya muli ululu umene dzina lake ndi nikotini. Mukakoka utsi, nikotini amalowa m'mapapo, nadutsa m'magazi, nafika ku ubongo m'kanthawi kosakwana theka la mphindi. Kumeneko amadzutsa kacisangalalo kakang'ono, ndipo mtima umakhala ngati wapepuka. Patapita maora awiri okha, theka la nikotini uja latha kale m'magazi, ndipo ubongo umene udazolowera uyamba kuitanitsa wina. Kuitanitsa kumeneko ndiko cibaba. Munthu wosuta amayesa kuti ndudu ndiyo imcotsera nkhawa, osadziwa kuti nkhawayo yadza ndi ndudu ya m'mawa imene yatha mphamvu. Zili ngati katapila: wobwereketsa amaoneka wacifundo tsiku lobwereka, koma ndiye akudyerani munda.

Kuonjezera apo pali cizolowezi. Ngati kwa zaka 15 mwakhala mukuyatsa ndudu mutangosamba m'manja pambuyo pa nsima, dzanja lanu lidzapita lokha m'thumba musanaganize n'komwe. Agustino Woyera, mwana wa mu Afrika muno, amene adabatizidwa ku Milano m'caka ca 387 atazengereza zaka zambiri, adafanizira zimenezi ndi unyolo: cimene munthu adayamba mwa kufuna kwake cimasanduka cizolowezi, ndipo cizolowezi cosakanizidwa cimasanduka ukapolo. Iye sankanena za fodya, koma aliyense wosuta adzauzindikira unyolo umenewo.

Mvetsani bwino tsono: cibaba si chimo, ndipo si cizindikiro cakuti cikhulupiriro canu n'cocepa. Ndi thupi limene lilikulira cimene lidazolowera, monga mwana woletsedwa kuyamwa. Mai wanzeru amamnyamula mwanayo, namtonthoza, koma bere sambwezera.

3. Zimene mudzaona

Akuluakulu adati, walira mvula walira matope. Ndikuuziranitu matope ake kuti asakudzidzimutseni. Masiku atatu oyamba ndiwo owawitsa, ndipo sabata loyamba lonse ndi lolemera. Mudzapsa mtima ndi zinthu zacabecabe. Tulo tidzabvuta, maganizo adzabalalika pa nchito, njala idzakula, m'mimba mudzauma. Ena amatsokomola kuposa kale, cifukwa mapapo ayamba kusesa zonyansa zimene zidaunjikana. Kwa anthu ambiri zobvuta zimenezi zimacepa pakati pa sabata laciwiri ndi lacinai. Cibaba cokha cimabwerabwerabe kwa miyezi, koma cimanka cifooka ndi kutalikirana.

Ine amene ndikulemberani ndidasuta kuyambira unyamata wanga. Usiku wacitatu nditaleka, mwana wanga wamkazi adataya madzi pakhomo, ndipo ndidamkalipira mpaka adathawira kwa agogo ake. Pakati pa usiku ndidapezeka ndili panja ndi nyali, ndikufunafuna zotsalira za ndudu m'fumbi la kuseri kwa nkhokwe, ine mphunzitsi wa katekisimu. Mai a kunyumba adatuluka, osanena kanthu, nandipatsa cikho ca madzi ndi mtedza wosasenda. Tidakhala pakhonde tikusenda mtedzawo, ndipo tisanatsirize mbale cibaba cinali citapita. Usiku umenewo ndidaphunzira cinthu cimene ndifuna kuti mucisunge koposa zonse: cibaba cimodzi sicikhalitsa. Cimakwera, cimafika pacimake, ndipo pakatha mphindi zowerengeka cimatsika cokha, kaya mwasuta kaya simudasute.

4. Anyezi a ku Ejipito

M'buku la Numeri, mutu 11, timawerenga za Aisraele m'cipululu. Mulungu adawatulutsa mu ukapolo, nawadyetsa mana m'mawa uliwonse. Koma nkhuli itawagwira, adayamba kulira pokumbukira nsomba, nkhaka, mabvwende, anyezi ndi adyo za ku Ejipito. Taonani zimene adaiwala: njerwa zimene ankaumba, zikoti za akapitao, ana ao aamuna amene ankaponyedwa mu mtsinje. Nkhuli idawakumbutsa mphika, niwaiwalitsa goli.

Cibaba cimanama momwemo. Cidzakukumbutsani ndudu ya m'bandakuca nthawi ya cisanu, ndi fungo lake pamene mulikupumula pamthunzi. Sicidzakukumbutsani cifuwa ca usiku, befu pokwera citunda ndi njinga, kapena ndalama ya sopo imene idathera kukantina. Sicidzakuuzani kuti mu utsi umenewo muli ziphe zoyambitsa khansa zokwana ngati 70, kuti wosuta amagwidwa msanga ndi cifuwa cacikulu ca TB, ndi kuti mwana wogona m'nyumba ya utsi amadwaladwala cibayo. Cifukwa cake, tsiku loleka, lembani pa kapepala zifukwa zanu zitatu, kapena muuze mwana wa sukulu akulembereni, ndipo mukasunge m'thumba momwe munkasunga fodya. Dzanja likapita m'menemo, lipeze coonadi.

Ambuye Yezu nawonso adakhala masiku 40 m'cipululu osadya, ndipo Satana adadza pamene njala idafika pacimake. Mdani amadziwa ora la kufooka. Ambuye sadakambirane naye za kukoma kwa buledi. Adamyankha mwacidule namleka. Inunso musamatsutsana ndi cibaba. Mau akuti "imodzi yokha" mukawapatsa mpando, apambana kale.

5. Cibaba cikafika, citani izi

Cedwetsani. Musanene kuti "sindidzasutanso mpaka imfa," cifukwa katundu ameneyo ndi wolemera pa ora la mayeso. Nenani kuti, "ndiyambe ndadikira pang'ono." Tengani korona, munene Atate Athu kamodzi ndi Tikuoneni Maria khumi, modekha. Cigawo cimodzi ca korona cimatenga nthawi yofanana ndi ya cibaba cimodzi, ndipo zala ndi milomo, zimene zidazolowera ndudu, zimapeza nchito. Musayese pemphero ngati cithumwa. Ndi kuitana Mai wathu kuti akhale nanu mpaka mphepo itadutsa.

Imwani madzi pang'onopang'ono. Kokani mpweya wambiri ndi mphuno, muutulutse mosafulumira, kasanu kapena kakhumi. Nyamukani pamene mwakhalapo: kawazeni nkhuni, katungeni madzi, yendani mpaka kudimba. M'kamwa muikemo kanthu, kaya nzimbe, kaya cimanga cokazinga, kaya mswaci. Musasinthe ndudu ndi fodya wa pamphuno kapena woika m'kamwa, pakuti nikotini wake ndi yemweyo. Tiyi ndi khofi mucepetse madzulo, cifukwa munthu akaleka kusuta zimenezi zimamgwira mwamphamvu kuposa kale, ndipo zimaonjezera kusowa tulo.

Pitaninso kucipatala mukauze anamwino kuti mulikuleka. Alipo mankhwala othandiza, ena omata pakhungu, ena otafuna, amene amacepetsa ukali wa masabata oyamba; funsani ngati mungawapeze. Kulandira cithandizo cotere si kucepa cikhulupiriro, pakuti nzeru za ociritsa nazonso n'zocokera kwa Mulungu. Ndipo ngati cisoni cikulemerani masiku ambiri, kapena mutsokomola magazi, musacedwe.

6. Misampha ya pamudzi

Kwathu kuno Kwaresima imagwa nthawi imene fodya ali m'zigafa. Wa m'tauni akataya paketi yake, fodya amakhala kutali. Inu mumagona pafupi ndi mitolo yake, ndipo kupota cingambwe sikulira ndalama. Cotsani tsono m'nyumba ndi m'matumba mapepala opotera, kaliwo ndi macesi, ndipo kucigafa musapiteko nokha m'masabata oyamba. Dziwaninso kuti tsamba lonyowa ndi mame limalowetsa nikotini kudzera pakhungu, ndipo limadzetsa cizungulire ndi nseru. Bvalani malaya a manja aatali pothyola, sambani mukaweruka, ndipo ana asagwire nchito imeneyi.

Msampha waukulu ndi mowa. Cikho cimodzi ca kacasu cimagwetsa mpanda umene mwamanga sabata lathunthu. Pa mwezi woyamba, pewani pamowa. Kubawo mungathe kuyamba mwapumula. Koma kumaliro simungaleke kupita, ndipo kumeneko amuna amacezera pamoto usiku wonse ndudu ikuyenda dzanja ndi dzanja. Konzekeranitu yankho lanu musanacoke pakhomo: "Zikomo acimwene, ndidaleka." Musacite manyazi, ndipo musalalikire. Khalani kumbali ya oyimba nyimbo.

Mutu umodzi susenza denga. Uzani a m'nyumba mwanu ndi amene adzakuimirirani pa Ubatizo tsiku limene mwasankha. Ndipo inu amai, inu ana, mupirire naye munthuyu. Ukali wake wa masiku ano ndi matenda amene alikutuluka. Koma inu olekanu, cibaba cisakhale cophimbira nkhanza: mukalakwira munthu, pepesani dzuwa lisanalowe. Ine ndidapita m'mawa mwake kukamtenga mwana wanga kwa agogo ake, ndipo ndidampepesa pamaso pao.

7. Mukagwa

Anthu ambiri amene adalekeratu fodya adayesa kangapo asanapambane. Mukasuta imodzi, mdani adzakunong'onezani kuti zonse zatayika, bwanji osangotsiriza paketi. Limenelo ndilo bodza laciwiri, loposa loyamba. Munthu akaterereka pa njira ya kumunda sagona m'matope mpaka madzulo. Petulo adakana Ambuye katatu usiku umodzi, nalira, nabwerera, ndipo ndiye adapatsidwa nkhosa kuti aziwete. Dzifunseni: ndinali kuti, ndinali ndi yani, ndinali nditamwa ciani? Tsekani mpata umenewo, ndipo muyambenso tsiku lomwelo, osadikira Kwaresima ya caka camawa.

8. Mphatso za m'njira

Mulungu adalenga thupi lodziwa kudzikonza. Patangopita mphindi 20 cisutire ndudu yotsiriza, kugunda kwa mtima kumayamba kutsika. Pakatha maora 12, mpweya waululu wa mu utsi, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka, umakhala utacepa m'magazi kufika pa muyeso wa munthu wosasuta. M'masiku owerengeka mudzamvanso kukoma kwa ndiwo ndi fungo la nthaka mvula ikagwa. Pakati pa masabata 2 ndi 12 magazi amayenda bwino ndipo mapapo amalimba. Caka cikatha, ciopsezo ca nthenda ya mtima cimatsika kufika ngati theka la ca munthu wosuta. Ndalama imene mukadagulira ndudu muziponya m'kacitini, ndipo pa Pasaka mugulire kanthu a m'nyumba mwanu, amene adasenza nanu mtandawu.

Abale anga, usiku wa Pasaka wansembe adzakufunsani ngati mukana Satana ndi zonyenga zake zonse. Kukana kumaphunziridwa monga kulima, khasu limodzi pambuyo pa linzake. Cibaba ciliconse cimene mwacilola kudutsa osaciyankha ndi phunziro la mau amene mudzanene pamaso pa mpingo.

Mafunso

1. Kodi cibaba ndi chimo? Fotokozani.
2. Ndi masiku ati amene ali owawitsa kwa munthu woleka fodya?
3. Aisraele adakumbukira ciani, ndipo adaiwala ciani?
4. Chulani zinthu zitatu zimene mungacite cibaba cikafika.
5. Mnzanu waleka masabata awiri, ndipo dzulo wasuta kumaliro. Mudzamuuza ciani?

Tipemphere

Ambuye Yezu, Inu mudamva njala m'cipululu ndi ludzu pa mtanda, ndipo mudziwa kulira kwa thupi lathu. Yang'anani abale athu amene alikulimbana ndi cibaba. Pa ora la mayeso khalani nao pafupi, akagwa muwadzutse, ndipo a m'nyumba mwao muwapatse mtima wopirira. Tifikitseni tonse ku madzi a Ubatizo tili mfulu. Amen.